Meya wa Dola Imodzi Pachaka

Tiyeni tiwoloke nyanja, tikafike ku New York m'dziko la Amereka.

M'chaka cha 1981 Bambo Michael Bloomberg anachotsedwa ntchito pa kampani ya Salomon Brothers atagwirapo zaka 15. Sanachoke chimanjamanja ai, anapatsidwa madola 10 miliyoni. Ndi ndalama zimenezi anayambitsa kampani yaoyao ya makina odziŵitsa amalonda mitengo ya pamsika nthaŵi yomweyo, ndipo analemera kotheratu.

Mu Novembala 2001, mzindawo ukadali pa maliro a chiwembu cha pa 11 Sepitembala, anthu anaŵasankha kukhala meya. Malipiro anakana, namalandira dola imodzi pachaka. Ofesi yaokha anaikananso, nakhala m'chipinda chimodzi chachikulu pamodzi ndi antchito ao, monga ankachitira kukampani. Kuyambira 2003 kusuta fodya m'mabala ndi m'malo odyera kunaletsedwa, eni malowo akudandaula.

Ambiri ankati munthu wachuma chotere sangagulidwe. Nzoona. Koma munthu wopanda ngongole kwa wina aliyense amavutanso kumubweza akasokera. Lamulo linkalola meya kulamulira kaŵiri kokha motsatizana. Mu 2008 iwo ananyengerera khonsolo ya mzinda kuti ilisinthe, napambananso mu 2009 atamwaza madola oposa 100 miliyoni a m'thumba mwao. Apolisi a mzindawo ankaimitsa ndi kupisa m'matumba anyamata m'miseu, ochuluka mwa iwo akuda ndi a Chilatino, kufikira khoti linagamula mu 2013 kuti mchitidwewo unkaphwanya malamulo a dziko. Kupepesa anapepesa ndithu, koma mu 2019, patapita zaka pafupifupi 6 chichokereni pampando.