Mankhwala Osungunuka M'diso

Munthu ali yense amene anapatsidwa mankhwala odontheza m'maso adziwa bvuto lake. Dontho likagwa m'diso, munthu aphethira, misozi nilikokolola. Pa magawo 100 a mankhwalawo, olowa m'kati safika 5. Cifukwa cake wodwala ayenera kudontheza tsiku ndi tsiku. Koma munthu wa pa mgodi, wogwira nchito usana sabata ino ndi usiku sabata yamawa, sacedwa kuiwala.

Kuiwalako nkoopsa, makamaka pa nthenda ya glaucoma, imene igwira anthu akuda kopambana azungu. Madzi a m'diso akalephera kutuluka bwino, apanikiza mtsempha wopenyera, ndipo umafa pang'onopang'ono, kawirikawiri popanda kupweteka. Ukafa sudzukanso.

Nzeru yothandiza pa bvutoli inacokera ku ulusi. Kuyambira zaka za m'ma 1970 madokotala asoka mabala ndi ulusi wosungunuka wokha m'thupi, wopangidwa ndi asidi awiri, lactic ndi glycolic. Woyambayo ndiye amene asasitsa mkaka. Akatswiri anasakaniza mankhwala ndi cinthu comweco, naumba kandodo kakang'ono, kamene dokotala akalowetsa m'diso ndi singano. Madzi a m'diso akadya pang'onopang'ono, monga mvula idya cipupa ca dothi, mankhwala namatuluka. Zotsala thupi lizisandutsa madzi ndi mpweya, kotero kuti palibe cofuna kucotsa.

M'caka ca 2009 boma la America linaloleza kandodo kochedwa Ozurdex, kotalika mamilimita 6, kokhala ndi mankhwala a dexamethasone. Kacepetsa kutupa kwa kumbuyo kwa diso, monga kobwera ndi matenda a shuga, ndipo mphamvu yake ikhoza kufika miyezi 6. M'caka ca 2020 linalolezanso Durysta, ka nthenda ya glaucoma.

Komatu timitengoti tili ndi zobvuta zake. Ozurdex ikhoza kudzetsa ng'ala ndi kuonjeza kupanikiza kwa madzi a m'diso. Durysta inaloledwa kamodzi kokha pa diso limodzi, popeza ikhoza kuononga khungu loonekera la kutsogolo kwa diso. Mtengo wake ndi wokwera.

Cacikuru ndi ici: pa nthenda ya glaucoma mankhwalawa angosunga kupenya kumene kwatsala. Munthu wopitirira zaka 40, makamaka ngati kholo lake linacita khungu, acita bwino kukapimitsa maso asanayambe kuona cimbuuzi. Ndipo wopatsidwa madontho asawaleke, ngakhale diso silipweteka.