MAKINA A MAGINITO OONA NTHENDA DOKOTALA ASANAGWIRE MPENI

Nkhani ya mwezi uno iri ya amuna achikulire, koma akazi ao ndi ana ao aimvetsenso bwino, pakuti ndiwo amene aperekeza wodwala ku chipatala.

Pansi pa chikhodzodzo cha mwamuna ali yense pali kachiwalo kochedwa prostate. Kukula kwake kali ngati suku, ndipo njira ya mkodzo ipyola pakati pake. Mwamuna akapitirira zaka 50 kachiwaloka kakonda kukula, mkodzo nuyamba kubvuta. Kawirikawiri imeneyi si khansa ai. Koma nthawi zina ndi khansa, ndipo nthendayi igwira amuna akuda koposa azungu. Dokotala aizindikira poyesa magazi, popima ndi chala, ndi potapa kanyama pang'ono ndi singano.

Tsono akadziwa kuti ndi khansa, funso lalikuru litsala: kodi ikali m'kati, kapena yaturuka? Prostate iri ndi kachikopa kopyapyala. Khansa ikakhala m'kati mwa kachikopako, dokotala akhoza kuichotsa yonse pamodzi ndi kachiwalo komwe. Koma ikaboola, nifika ku timatumba ta umuna tiri kumbuyo, kapena ku anabere a m'chiuno, ntchito ikhala yina. Ikafika m'mafupa mpeni sungaichotsenso. Pamenepo wodwala alandira mankhwala oigonetsa. Chala cha dokotala chikhudza mbali ya kumbuyo yokha, kotero sichingayankhe funsoli mokwanira.

Apa ndipo pathandiza makina ochedwa MRI. Nzeru yake anaionetsa Paul Lauterbur wa ku America m'chaka cha 1973, ndipo Peter Mansfield wa ku Nottingham anapeza njira yojambulira msanga. Awiriwa analandira mphotho ya Nobel mu 2003. Makinawa sagwiritsa X-ray. Ali ndi maginito amphamvu ndithu, ndipo atumiza mafunde onga a wailesi m'thupi. Madzi amene ali m'mnofu ayankha, ndipo popeza mnofu wa khansa uyankha mosiyana ndi mnofu wabwino, kompyuta ijambula malire ake. Wodwala agona chagada m'chibowo chonga mgolo kwa mphindi 30 kapena 45. Samva kupweteka, koma phokoso ndiye lalikuru, monga anthu akukhoma malata, ndipo am'patsa zotseka m'makutu. Chofunika ndi kugona osagwedezeka. Makiyi, ndalama ndi lamba zitsale kunja, ndipo amene ali ndi chitsulo m'thupi, kapena kamakina kothandiza mtima, anene asanalowe, osachita manyazi.

Pali chifukwa china chimene amuna sakonda kuchinena pa bwalo, koma chiri pa mtima pa ali yense. M'mbali zonse ziwiri za prostate mupita timitsempha timene tipatsa mwamuna mphamvu ya m'banja. Kale opaleshoni inali kudula timitsemphati, ndipo amuna ambiri anachira khansa nataya mphamvuyo. Mu 1982 dokotala Patrick Walsh wa ku chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore anayamba kuchotsa prostate mosiya timitsemphato. Koma kutisiya kuli bwino pokhapo khansa isanatifike. Dokotala akadula pafupi kwambiri asiya nthenda m'thupi. Akadula patali aononga chimene chikadapulumuka. Chithunzi cha MRI chimuuza mbali imene angasiye ndi mbali imene ayenera kudula motakata. Ichi ndicho wodwala ayenera kufunsa tsiku la opaleshoni lisanafike, ndipo ndi bwino mkazi wake akhalepo.

Komatu makinawa saona zonse. Khansa ikaboola kachikopa pang'ono pokha, monga nsonga ya singano, chithunzi chikhoza kuoneka chabwino. Chifukwa chake dokotala wanzeru achiyerekeza ndi zimene anapeza m'magazi ndi m'kanyama kaja. Ndiponso magazi otsala pa malo amene singano inabaya asokoneza chithunzi, kotero wodwala auzidwa kudikira monga masabata 6, kapena ajambulidwa asanabayidwe. Wouzidwa kudikira asaganize kuti am'taya.

Makina otere ndi a mtengo wapatali, ndipo apezeka m'zipatala zazikuru zokha. Ku Blantyre anaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth mu 2008, makamaka kuti aone ubongo wa ana okomoka ndi malungo. Wa kumudzi ayambira pa chipatala chimene ali nacho pafupi, ndipo dokotala wa pamenepo ndiye alemba kalata yom'tumiza kwina.