KRISIMASI YA MLENDO WA M'HEMA
Mau onenedwa pa tsiku la Jubili

 Akuru atandiuza kuti ndinene mau pa tsiku lino la Jubili ndinacita mantha, pakuti ine ndine mphunzitsi wa kumudzi, ndipo maphunziro anga ndi a sukulu ya Misyoni yokha. Ena anena kale mbiri ya nyumba ino ya mapemphero ndi ya abusa amene anatumikira muno. Ine mundilole ndinene kanthu kamodzi: makhalidwe a mnyamata wotumidwa ndi Mau a Mulungu ku dziko la eni, pamene nyengo ya Krisimasi impeza ali kutali ndi amace.

Mudziwa kuti mipingo yambiri ya Sinodi wa Nkhoma inaphuka pa tsinde limodzi, ndilo Mvera. Pa 28 November 1889 anyamata awiri ocokera ku South Africa, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anamanga hema wao m'dziko la mfumu Ciwere. Ife tizolowera kuwayesa nkhalamba, popeza maina ao tinawamva kwa agogo athu. Koma Murray anali asanakwane zaka 30. Iye anafika m'dziko lino m'caka ca 1888, nayamba wapita kumpoto, kumene anadwala kwambiri. Ndipo mnzace wa pa ulendowo, mbusa J.A. Bain, anamwalira m'caka ca 1889. Tsono werengani masiku: kuyambira pa 28 November kufikira pa 25 December ndi masiku 27 okha. Krisimasi inawapeza akali alendo enieni, osadziwa bwino cinenero, ngakhale njira ya kudambo.

Ife obadwira muno tiudziwa mwezi wa December. Munthu wofuna kumanga nyumba mwezi umenewo auona kuti udzu wofolera? Wakale unapsa ndi lupsa, watsopano ukali msipu. Anthu onse ali kuminda kubzala ndi kupalira, ndipo palibe wofuna kusiya khasu kuti akadulire mlendo mitengo. Nkhokwe zayamba kucepa, ndipo mai amene ali ndi ana asanu sagulitsa ufa msanga, ungamuonetse nsaru, mcere kapena mikanda, zimene zinali ndalama za masiku aja. Mitsinje yadzala, udzudzu waswana, malungo ali pakhomo. Boma la Angerezi linali lisanakhazikike, pakuti linadza m'caka ca 1891. Malonda a akapolo anali kucitikabe ku Nkhotakota ndi ku Karonga. Cotero moyo wa mlendo unali m'manja mwa mfumu ndi anthu ace.

Nanga tsiku la m'misyoni wa nthawi zija linali kutha bwanji? Linali la nchito zazing'ono zimene mabuku sakonda kuzichula. M'mawa kupemphera, ndi kumwa kwinini wowawa uja. Atatero, kukhala pansi ndi ana kapena amtengatenga, kuloza cinthu ndi cala, kufunsa dzina lace, ndi kulilemba m'kabuku. Ndipo akalichula mokhota, ana kuseka. Masana kusema mitengo, kutsuka zilonda za odwala, kutsatsana nkhuku, kudikira kubwalo kufikira mfumu itafuna kulankhula. Madzulo kukonza nyali ndi kulemba akalata. Kalata yocokera kwao inali kuyenda panyanja yamcere, nikwera Zambezi ndi Shire, niwoloka nyanja yathu pa sitima, nisenzedwa pamutu kukwera mapiri. Ndipo mau a mai olembedwa kuti afike pa Krisimasi anali kutha miyezi panjira.

Kwao kwa Murray kunali ku Graaff-Reinet, kumene atate wace, Charles Murray, anali mbusa. Pabwalo pa nyumba yao panali mpesa umene atateyo anaoka m'caka ca 1870. Kumeneko tsiku la kubadwa kwa Ambuye linali la belu, la nyimbo, la abale ozinga gome limodzi. Ku Mvera kunalibe belu, kunalibe kacisi, kunalibe wobatizidwa ndi mmodzi yense wa m'midzi ija. Buku Lopatulika lathunthu m'cinenero cathu linaturuka m'caka ca 1922, zitapita zaka zoposa 30. Kwa anthu a Ciwere tsiku la 25 December linali tsiku lolima monga ena onse.

Ndipo tisayese kuti alendo otere anali Azungu okha. William Koyi ndi Shadrach Ngunana anali anthu akuda ocokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, amene anadza m'caka ca 1876. Ngunana anaikidwa ku Cape Maclear m'caka ca 1877, Koyi ku Njuyu m'caka ca 1886. Iwonso anasiya kwao.

Tsono funso langa ndi ili: anyamata awa anakhala bwanji ndi moyo? Tiyankha kuti Mulungu anawasunga, ndipo nzoona. Koma Mulungu anawasunga ndi manja a yani? Anawasunga ndi manja a anthu amene sanali Akristu. Amene anapereka malo, amene analoza kasupe, amene anatapa ufa m'dengu lace pa nthawi ya njala, amene anabwereza mau amodzi kakhumi kufikira mlendo atawagwira, onsewo anali makolo athu, asanamve Uthenga. Mlendo anadza ndi kalumo kakuthwa, inde; koma wakumpatsa mphasa anali mwini mudzi.

Ici ndinacimvetsa ndi thupi langa. Ndiri ndi zaka 22 ananditumiza kukaphunzitsa ku mudzi wa kutali, tsidya la mtsinje, kumene Akristu anali owerengeka. Sukulu itatsekedwa ndinamanga kathumba kanga kuti ndikadye Krisimasi kwathu. Koma mvula inagwa masiku atatu, mtsinje unakana, ndipo malungo anandigwetsa. Pa tsiku la cikondwerero ndinagona ndekha pamphasa, denga lirikudontha, ndiri kulira ngati mwana, ndi kudandaula kuti mpingo wandiiwala. Dzuwa litapendeka kunalowa mai wina wokalamba, amene sanapondepo m'nyumba ya mapemphero, ndi amene ine, mwa kudzikuza kwa unyamata, ndinali kumlambalala panjira. Anadza ndi phala lotentha m'mbale, nati, "Aphunzitsi, dzukani mumwe. Mwana wa eni asafere pakhomo pathu ife tiri maso." Ndinati, "Agogo, ndikubwezerani ciani?" Iye anangosonkha moto, naturuka. M'mawa mwace anabweranso ndi nsima ya bowa.

Usiku umene uja ndinakumbuka kuti Ambuye wathunso anabadwira pa ulendo, makolo ace atasowa malo m'nyumba ya alendo, ndi kuti oyamba kumcezera anali abusa a nkhosa. Ndinali nditaphunzitsa ana nkhani imeneyi masabata atatu, koma woimasulira kwa ine anali gogo uja ndi mbale yace.

Abale, nchito ya kutuma sinathe. Vlok yemwe uja anapita ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, m'caka ca 1912, kukasamala ana a dziko lino amene anali kugwira nchito kumeneko. Kuyambira pamenepo mpingo wathu nawo wakhala ukutuma ana ace kunja ndi ku midzi ya kutali. Ndipo pakati pathu pano pali anyamata ndi atsikana otumidwa kwa ife: mlaliki watsopano, mphunzitsi wocokera ku cigawo cina, namwino wa cinenero cacilendo. Pa Sabata tiwapatsa moni ndi manja awiri. Koma pa Krisimasi, tikapha nkhuku ndi kuphika mpunga, titseka citseko, ndi kunena kuti lero ndi tsiku la banja. Kodi si camanyazi kuti makolo athu osabatizidwa atipose ife pa kucereza alendo?

Cifukwa cace ndipempha zinthu ziwiri. Inu alaliki ndi akuru a madera, December asanafike lembani maina a anchito onse acilendo a m'dera mwanu, ndipo mutsimikize kuti yense ali ndi nyumba yokadyako pa tsikulo. Musadikire kuti apemphe, pakuti mnyamata acita manyazi. Ndipo inu makolo ndi amai a Cigwirizano, kumbukirani amene tinawatuma kutali. Kalata imene kale inatha miyezi, lero ndi mau a pa lamya ofika nthawi yomweyo, tiribe cowiringula.

Tikatero, Jubili yathu idzakhala yothokoza onse awiri, wokhala m'hema ndi wompatsa ufa. Ambuye adalitse mpingo uno ndi alendo ace onse.