Mwana wosakhazikika si mwana wamwano

 

Ndiyambe ndi funso. Ndani pano sadziwa mwana amene mukamutuma mchere amabwera chimanjamanja, ataiwala chimene anatumidwa? Kusukulu sakhala pansi, ntchito samaliza, pensulo imasowa sabata iliyonse. Ife timati ndi mwano, basi tathyola kamtengo. Ena amati walodzedwa. Koma pa ana ena chimenechi ndi vuto la mmene ubongo umagwirira ntchito, limene achipatala amalitcha ADHD. Kafukufuku wa mu 2007 anasonyeza kuti pafupifupi ana 5 mwa ana 100 alionse padziko lonse ali nalo. Ndiye kuti m'kalasi ya ana 60 mutha kukhala atatu otere.

Kunja kuli chipangizo chimene akuyesa kuthandizira ana otere. Pa Chipwitikizi amati realidade virtual. Mwana amavala chinthu kumaso, changati magalasi a owotcherera zitsulo. Akavala amaona ngati walowa m'chipinda china, akatembenuza mutu chipindacho amachiona mbali zonse.

Cha m'ma 2000, katswiri wina, Albert Rizzo, ndi anzake a ku University of Southern California ku America anapanga kalasi yotere. Mwana amaona aphunzitsi ndi bolodi. Pabolodi pamatuluka zilembo, ndipo iye amadina batani akaona chilembo chimene anauzidwa. Kenako akatswiri amayamba kumusokoneza dala: galimoto ikudutsa pawindo, kandege ka pepala kakuuluka, munthu wina akulowa pakhomo. Makinawo amawerenga kuti walakwitsa kangati ndiponso mutu wake wagwedezeka kangati. Ku Spain nakonso kuli mayeso otere otchedwa AULA, a ana a zaka 6 mpaka 16.

Phindu lake n'lakuti dokotala amaona ndi maso ake chimene chimabera mwana maganizo, kaya ndi phokoso kapena zoyendayenda. Akatswiri ena akuyesanso kuphunzitsira ana m'kalasi yotereyi, kuyamba ndi chipinda chachete n'kumawonjezera zosokoneza pang'onopang'ono.

Tisanamizane. Magalasiwa sachiritsa, ndipo paokha sangagamule kuti mwana ali ndi vutoli. Ana ena amamva chizungulire akavala. N'zodula, zimafuna magetsi, ndipo ambiri a ife sitidzaziona posachedwa.

Nanga ndabweretseranji nkhaniyi? Chifukwa nzeru yake titha kuigwiritsa ntchito lero lomwe. Makolo, yang'anitsitsani chimene chimasokoneza mwana wanu. Akamalemba za kusukulu, tsekani wailesi, inde ngakhale wailesi yathu yomweyi! Mutumeni chinthu chimodzi, osati zitatu, ndipo abwereze zimene mwanena. Ntchito ikhale yaifupi, apume, ayambirenso. Akachita bwino muyamikireni pomwepo, osadikira mawa. Aphunzitsi, mwana wotere mukhazikeni kutsogolo, kutali ndi khomo ndi windo. Vuto likapitirira, kunyumba ndi kusukulu komwe, pitani naye kuchipatala akamuone, chifukwa nthawi zina ndi makutu, maso, njala kapena kusagona bwino.

Mwana amene amakwapulidwa tsiku ndi tsiku pa chinthu chimene sangathe kuchiletsa amadana ndi sukulu, mapeto ake amasiya. Tikakumana mwezi wamawa, aliyense adzatiuze chimene wayesa kunyumba kwake ndi mmene chayendera.