Galimoto Yosamwa Madzi: Kodi Tisinthe Pule?

Lero ndifuna kukamba nanu za galimoto imene simamwa madzi, ndiyo Volkswagen ija ya msana wozungulira imene Angerezi amaicha Beetle, ndiko kunena cikumbu, pamodzi ndi mbale wace wamkulu, Kombi. Magalimoto amenewa akalamba tsopano, koma alipobe anthu amene amawasunga ndi kuwasamala. Pakati pa anthu otere pamabuka funso ili kawiri-kawiri: "Injini yanga irikutentha, kodi ndikasintha kukula kwa pule idzazizira?" Tiyenera kuliyankha mosamala funso limeneli, pakuti pule ndi kacitsulo kamene munthu angakanyamule m'dzanja limodzi, koma kangathe kupulumutsa injini, kangathenso kuipha.

Amene anayamba kukonza galimotoyi ndiye Ferdinand Porsche wa ku Ulaya, nkhondo yaciwiri isanayambe. Itatha nkhondo mu 1945 anayamba kupanga ambiri mu mzinda wa Wolfsburg ku Germany. Kuyambira mu 1951 kufikira mu 1979 analinkuwamanganso ku Uitenhage, ku South Africa. Beetle yotsiriza inaturuka ku Puebla, m'dziko la Mexico, mu 2003, atapangidwa oposa 21 miliyoni. Anthu anaikonda cifukwa inalibe redieta yoti iboole kapena kuwira pa njira.

Tsono ngati mulibe madzi, cimene cimaziziritsa injini nciani? Tsegulani citseko ca kumbuyo, pakuti injini iri kumeneko. Pansi mudzaona citsulo cozungulira cokhala ndi ngalande m'mphepete mwace. Imeneyo ndiyo pule ya pansi, ndipo imazungulira pamodzi ndi injini. Pamwamba pace pali pule ina yaing'ono, yomangidwa pa jenereta, makina amene amadzaza batire. Lamba mmodzi amagwira mapule awiriwa. Kuseri kwa jenereta, m'kati mwa cibokosi ca malata, mwabisala fani. Fani imeneyi iri pa mtanda umodzi ndi jenereta, cotero pule ya pamwamba ikazungulira kamodzi, faninso yazungulira kamodzi. Imakoka mphepo ya kunja nkuikankhira pansi, kuti ipite pakati pa timapiko ta citsulo timene tiri pa masilinda ndi pa mitu yace, ndiponso pa kacipangizo koziziritsa oilo. Palibe cina coziziritsa injini koma mphepo yokhayo. Ndico cifukwa cace kanyali kofiira ka jenereta kakayaka muli pa ulendo muyenera kuima pomwepo, pakuti kapena lamba waduka, ndipo ngati waduka faninso yaima.

Kuti mumvetse nchito ya mapule, ganizani za njinga yanu. Gudumu la mano la kutsogolo, pamene pali zopondera, nlalikuru. La kumbuyo nlaling'ono. Mukapalasa kamodzi, gudumu la kumbuyo limazungulira kawiri kapena katatu. Momwemonso pa galimotoyi. Pule ya pansi ndi yotambalala pafupi mainchi 7, ndipo ya pamwamba njocepa ndithu, kotero kuti injini ikazungulira kamodzi fani imazungulira pafupi kawiri. Pamene injini irikuzungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi, fani irikuzungulira koposa ka 5,000. Lamulo lace nlapafupi: mukakuza pule ya pansi kapena kucepsa ya pamwamba, fani idzafulumira, mukacepsa ya pansi, fani idzacedwa.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Ogulitsa zipangizo ali ndi pule ina yokongola, yonyezimira, imene amaicha power pulley, kunena kuti pule yopatsa mphamvu. Imeneyi njocepa kuposa ija inabwera ndi galimoto, pafupi mainchi 6 kapena kucepera apo. Nzoona kuti imaonjezera mphamvu pang'ono, popeza fani yoyenda pang'ono-pang'ono siilemetsa injini. Koma tawerengani nokha. Mukacotsa pule ya mainchi 7 nkuika ya mainchi 6, ndiye kuti pa kuzungulira 7 kuli konse fani yataya kumodzi, ndipo mphepo yacepa momwemo. Pule yotere anaikonzera anthu a mpikisano wa liwiro, amene amathamanga kanjira kakafupi nkuzima injini isanatenthe. Sanaikonzere munthu amene wanyamula banja lace ndi matumba a cimanga.

Ine ndinaona zimenezi ndi maso anga. Bambo wina anaika pule yotere pa Kombi yace cifukwa inaoneka bwino, ndipo mumzinda inayenda popanda cobvuta. Mwezi wa October, dzuwa liri pswe, ananyamuka wa kum'mawa. Atafika pa zitunda za kufupi ndi Luangwa, galimoto itadzaza katundu, anamva kulira kwa citsulo kumbuyo, injini nkuima. Potsegula tinapeza kuti mutu wa vavu unaduka nugwera pa pistoni. Ndalama zimene anataya pokonza zinaposa mtengo wa pule ija kambiri-mbiri.

Wina adzati, "Cabwino, tsono ine ndicite mosiyana, ndifulumize fani." Njira imeneyi iripo ndithu. Ena amaika pule ya pansi yokulirapo, ena amaika pa jenereta pule ya Porsche 356, imene iri yocepa pang'ono kuposa ya Volkswagen. Koma dziwani mtengo wace. Mukafulumiza fani ndi gawo limodzi mwa magawo 10, mphepo idzacuruka ndi gawo limodzi lomwelo, koma mphamvu imene fani idzadya kwa injini idzacuruka pafupi ndi gawo limodzi mwa magawo 3. Munthu amene anayesa kuthamanga m'madzi adziwa cimene ndirikunena: kuyenda pang'ono nkosabvuta, koma kufulumira kumatha mphamvu. Mphamvu yonseyo imadzera mwa lamba mmodzi yemweyo. Pa pule yaing'ono lamba amapinda kwambiri ndipo amagwira pocepa, cotero amayamba kutsetsereka, kutentha ndi kutha msanga. Jenereta nayonso imazungulira kopitirira, ndipo fani yokalamba ingathe kusweka pa liwiro lalikuru; ndico cifukwa cace a mpikisano amaocherera timapiko tace. Kumbukiraninso kuti pule ikasinthika, utali wa lamba uyenera kusinthika.

Nanga ndani angapindule pofulumiza fani? Ndiye munthu amene injini yace imagwira nchito yolemera irikuzungulira pang'ono-pang'ono: mwini Kombi yonyamula katundu, munthu woyenda mumcenga, ndi amene anaika matayala akulu kuposa oyamba, pakuti matayala otere amacedwetsa injini, ndi fani yomwe, pa liwiro lomwelo la galimoto. Ife a kuno tiri ndi cifukwa cinanso. Lusaka iri pamtunda, mamita oposa 1,200 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo mphepo ya kumtunda njopepuka; fani ikazungulira kamodzi imatunga mphepo yocepa kulemera kwace kuposa imene ikadatunga ku gombe. Koma munthu amene amathamanga pa tala tsiku lonse, injini irikuzungulira kwambiri, sadzapindula kweni-kweni; iye adzangotha malamba.

Ngakhale ziri conco, ndikupemphani kuti musafulumire kugwira pule. Injini zambiri zimene zimatentha zimatero cifukwa ca zinthu zina zimene mwini wace wazinyalanyaza. Yambani ndi lamba. Mkankheni ndi cala cacikuru pakati pa mapule awiri. Ayenera kulowa pafupi theka la inchi. Pule ya pamwamba iri ndi mbali ziwiri, ndipo pakati pace pali mawashala. Mukacotsapo washala lamba amakungika, mukaonjeza amalekerera. Mawashala amene mwacotsa muwabwezere kunja, pansi pa nati, osawataya.

Caciwiri, onani malata onse ozungulira injini, ndi mphira umene umatseka mpata pakati pa injini ndi thupi la galimoto. Amakanika ena amataya timalata tating'ono poganiza kuti tiribe nchito. Koma malata ndi mphirawo ndizo zimalekanitsa mphepo yozizira ya pamwamba ndi yotentha ya pansi. Zikasowa, fani imakokanso mphepo yomwe yaturuka kale pa masilinda, ndipo ngakhale muifulumize cotani irikungothira moto pa moto. Pisaninso dzanja kuseri kwa cibokosi, injini itazima, pakuti nsanza kapena pepala lokakamira m'fani limatseka mphepo. Tsukani matope ndi oilo zimene zaundana pa timapiko ta masilinda.

Cacitatu, yesani mpata wa mavavu injini iri yozizira. Pa injini zambiri za mtundu uwu uyenera kukhala 0.15 wa milimita. Onani kuti moto wa mapulagi ulikufika pa nthawi yace, osati msanga, ndi kuti kabyuleta siirikumana injini petulo, popeza petulo wocepa m'mphepo yambiri amatentha mitu ya masilinda.

Dziwaninso za silinda yacitatu, imene iri ku dzanja lamanzere, ca kutsogolo. Pa injini zakale coziziritsa oilo cinaimirira m'kati mwa cibokosi, pa njira ya mphepo yopita ku silinda imeneyi, cotero inalandira mphepo yofunda kale ndipo kawiri-kawiri ndiyo inayamba kufa. Mu 1971 a Volkswagen anacisunthira m'kacipinda kace-kace kuseri kwa cibokosi, kamene anthu amakacha doghouse, ndiko kuti kanyumba ka garu, naikanso fani yotambalala. Taonani kuti eni ace, pofuna kuziziritsa injini, anakonza njira ya mphepo. Ngati muli ndi injini yakale imene imatentha, cibokosi ca mtundu umenewu pamodzi ndi fani yace cidzakuthandizani koposa pule yatsopano.

Potsiriza, pali njira yofulumizira fani imene siifuna ndalama kapena sipanala, ndiyo dzanja lanu pa giya. Mukakwera Munali kapena zitunda za ku Chirundu muli m'giya yacinai, phazi liri pansi, injini irikubuula, ndiye kuti moto ngwambiri koma fani irikuyenda mwaulesi. Bwererani m'giya yacitatu. Injini idzalira kwambiri, koma faninso idzafulumira, ndipo mudzafika pamwamba bwino.

Tsono yankho langa kwa uja anafunsa ndi ili. Pule yaing'ono ya pansi musaiike pa galimoto yoyenda ulendo. Konzani poyamba lamba, malata, mphira, mavavu ndi moto. Ngati zonsezi ziri bwino, koma injini ya galimoto yonyamula katundu irikutenthabe, pamenepo mungafulumize fani, koma pang'ono pokha, ndipo musanyamuke popanda lamba wina ndi sipanala m'galimoto.