TSIKU LIMODZI LA MWANA WOCEDWA KUPHUNZIRA

Nkhani yathu ya lero iri ya ana aja amene nzeru zao zimacedwa kutseguka, amene anzao akamatsiriza buku iwo akali pa tsamba loyamba. Midzi yopanda mwana wotere njowerengeka. Koma kawiri-kawiri simukomana naye pa njira ya ku sukulu. Ali kuseri kwa nyumba, alikusewera yekha ndi dothi. Ndifuna kuti tione pamodzi cimene cimacitika mwana wotere akapatsidwa malo m'sukulu, ndipo kuti ticione bwino tiyenda ulendo wa ku Tanzania, ku dera la mzinda wa Dar es Salaam lochedwa Mbezi.

Inu amalonda mukudziwako. Mbezi ziripo ziwiri. Ina iri m'mbali mwa nyanja ya mcere, pa mseu wa ku Bagamoyo. Inzace iri kumtunda, pa zitunda za m'mbali mwa mseu wa ku Morogoro, kumene m'caka ca 2021 Boma linatsegula malo akuru oimapo mabasi, ochedwa dzina la Magufuli. Ocokera ku Mbeya ndi ku malire a Tunduma ndi Kasumulu amatsikira pomwepo. Anthu a kwathu ambiri amakhala mu mzindawo, ena alikugwira nchito m'nyumba za eni cuma, ena alikugulitsa malonda. Tsono tiyerekeze banja limodzi lotere, locokera ku Nkhotakota, lokhala ku Mbezi ya kumtunda, ndipo liri ndi mwana wamkazi wa zaka 9. Dzina sitimpatsa, pakuti iye alikuimira ana ambiri.

Mwanayu anabadwa ndi cimene madotolo amati Down syndrome. Dzinali linacokera kwa John Langdon Down, dotolo wa ku England, amene analongosola maonekedwe a ana otere m'caka ca 1866: maso otsamira m'mwamba, zala zazifupi, ndi thupi lofewa. Cifukwa cace cinadziwika ku France m'caka ca 1959. M'thupi mwathu muli tizigawo tosaoneka ndi maso, ndipo m'kacigawo kali konse muli timaulusi 46 tochedwa makromosomu, timene timanyamula cibadwa ca makolo. Mwana wotere ali nato 47. Izi zimacitika pa ciyambi peni-peni pa pakati, amai asanadziwe n'komwe kuti aima. Palibe cakudya cimene anadya, palibe mwambo umene anasempha, ndiponso palibe anamlodza. Ndirikunena izi poyera cifukwa mau aja akuti ndondoca amamveka ku Dar es Salaam monga amamveka kwathu, ndipo atate ambiri osalakwa anenedwa kuti anakhwimira mwana wao kuti alemere.

Tiyambe tsono m'mamawa. Amai adzuka kusanace kuti akazinge mandazi ogulitsa, ndipo nthawi iri yocepa. Kumbveka mwana malaya n'kosacedwa. Kumleka kuti abvale yekha kumadya nthawi. Koma mphunzitsi anawapempha cinthu cimodzi: "Amai, mangani mabatani onse, koma lotsiriza mumsiyire iye." Mwanayo alimbana nalo batanilo ndi zala zace zofewa, ndipo likalowa aona kuti nchito yatha m'manja mwace, nakondwa. Pakapita masabata amsiyira awiri, kenaka atatu, kufikira tsiku limene adzamanga onse. Umu ndimo aphunzitsi a ana otere amagwirira nchito yao yonse: cinthu cacikuru amacidula tizidutswa, nayamba ndi kacidutswa kamene mwana angathe kupambana nako.

Pambuyo pace pali njira. Mseu wa ku Morogoro ngwaukuru, wa mizere yambiri, ndipo mwana wathuyu sangauoloke yekha. Timabasi ta mu mzinda, timene iwo amati daladala, timadzaza m'mawa, ndipo ana a sukulu, popeza amalipira ndalama zocepa, nthawi zina amasiyidwa pa mseu. Mvula yaikuru ya March kufikira May ikagwa, tinjira ta m'zitunda timasanduka ngalande. Cotero mlongo wace wamkuru amgwira dzanja tsiku ndi tsiku. Musaciyese cinthu cacing'ono cimeneci. Ana ambiri otere amaleka sukulu, osati cifukwa mutu wakana, koma cifukwa panasowa wowaperekeza.

Pofika pa sukulu mwanayo apereka moni wa ulemu kwa mphunzitsi m'Ciswahili, nati, "Shikamoo," ndipo mphunzitsi ayankha, "Marahaba." Mau amodzi amenewa anamtengera miyezi. Ana onse aima m'mizere pa bwalo naimba nyimbo ya pfuko lao. Inu a ku Zambia mukadaimva mukadaizindikira, pakuti maimbidwe ace ndi a nyimbo yanu anacokera ku nyimbo imodzi, imene Enoch Sontonga anapeka m'caka ca 1897. Mwana wathu sadziwa mau onse, koma maimbidwewo ali nao, ndipo aimirira mu mzere umodzi ndi anzace onse.

Belu likalira iye alowa m'cipinda cimene a kumeneko amati kitengo. Ici ndi cipinda ca pa sukulu wamba ya Boma, copatulidwira ana ofuna cithandizo capadera, ndipo muli ana ocepa kuposa m'makalasi ena. Aphunzitsi ambiri a zipinda zotere anaphunzira nchitoyi ku koleji ya Patandi, kufupi ndi Arusha. Pa khoma pali zithunzi zondandalikidwa: mbendera, buku, kapu ya phala, mpira, nyumba. Mwana akaziona adziwa cimene cirikudza, ndipo mtima wace ukhala pansi.

Zithunzizi ziri ndi cifukwa cace. Ana a Down syndrome amagwira msanga cimene aona koposa cimene amva. Mau ambiri akanenedwa pamodzi, oyamba amatayika otsiriza asanafike. Mukati, "Tenga kapu, ukatunge madzi, ubwere nao kuno, koma utseke citseko," iye angoima nakuyang'anani, ndipo inu muganiza kuti ngwamwano. Mphunzitsi wodziwa amati, "Tenga kapu," naloza kapuyo, nadikira. Kudikirako ndiyo nzeru yaikuru. Mwanayo amamva zambiri koposa zimene lilime lace lingathe kubweza, ndipo yankho lace limayenda pang'ono-pang'ono. Tikamyankhira ife mothamanga, timamphunzitsa kukhala cete. Aphunzitsi ena amaonjeza zizindikiro za manja pa mau, monga ca kudya ndi ca kumwa, ndipo zizindikirozo siziletsa kulankhula ai, koma zimakutsegulira njira.

Kuwerenga manambala kuyamba ndi zitsekero za mabotolo. Mwana aika cimodzi m'dzanja la mphunzitsi, kenaka ziwiri, kenaka zitatu. Kulemba kuyamba ndi cala pa mcenga, kenaka coko cacikuru pa bolodi, ndipo pensulo imadza potsiriza. Cimene wadziwa lero angathe kuciiwala mawa, makamaka akabwera ku chuthi, ndipo mphunzitsi abwereza osakwiya. Akuru anati kuthamanga si kufika. Makolo a kwathu amada nkhawa kuti Cicewa ca kunyumba ndi Ciswahili ca ku sukulu zidzamsokoneza, koma palibe cifukwa comlanda cinenero ca amai ace. Ana otere amatha kukula ndi zinenero ziwiri, ndipo ziwirizi nzapacibale: nyumba ndi nyumba, moto ndi moto, mbuzi ndi mbuzi.

Dzuwa likakwera ifika nthawi ya phala, limene iwo amati uji. Wina angayese kuti apa maphunziro aima, koma ai. Mwana aphunzira kusamba m'manja ndi sopo, kuima pa mzere, kunyamula kapu osataya, kuthokoza, ndi kutsuka kapuyo. Aphunziranso kupempha akafuna kupita ku cimbudzi ndi kudzisamala yekha komweko. Sitiyenera kucita manyazi kunena zimenezi, pakuti mwana wosadziwa kudzithandiza ndiye amayamba kubwezedwa kunyumba. Ndipo pali phunziro lina lolemera koposa, makamaka kwa mwana wamkazi: kudziwa kuti thupi lace ndi lace, kuti pali malo amene munthu sayenera kumgwira, kukana ndi mau okweza, ndi kukanena kwa amai kapena kwa mphunzitsi. Anthu oipa amasankha ana otere dala, poganiza kuti sadzaulula.

Pa nthawi yopuma ana onse a sukulu amasakanizana pa bwalo. Atsikana aponyana mpira wa nsanza m'masewera ofanana ndi fulaye wa kwathu. Masiku oyamba ena anamseka mwana wathu, natsanzira malankhulidwe ace. Mphunzitsi sanawakwapule, koma anasankha atsikana awiri a makhalidwe abwino nawauza kuti, "Uyu ndi mnzanu, mumtenge pa masewera." Tsopano ndiye amatola mpira ukagwa patali, ndipo akajomba anzace amafunsa kumene ali. Pa kuimba ndi pa kujambula amalowa m'kalasi ya ana ena onse. Iye amaphunzira kulankhula kwa anzacewo koposa kwa akuru, ndipo iwo amaphunzira kwa iye kuleza mtima.

Musaganize kuti zonse ziri bwino kumeneko. Tanzania inakhazikitsa lamulo la anthu olumala m'caka ca 2010, ndipo m'caka ca 2016 Boma linacotsa malipiro m'sukulu zace zoyamba. Ana anadza unyinji, monga zinacitikira ku Malawi m'caka ca 1994, ndipo makalasi anadzaza. Zipinda zapadera siziri pa sukulu iri yonse, aphunzitsi odziwa nchitoyi ngocepa, ndipo zipangizo zambiri mphunzitsi amapanga yekha ndi makatoni. Mabvuto amenewa ndi omwe tiri nao kwathu.

Palinso za thupi. Pafupi-fupi theka la ana a Down syndrome amabadwa ndi bvuto la mtima, ndipo ambiri samva bwino kapena saona bwino. Ku Dar es Salaam kuli cipatala ca mtima ca Jakaya Kikwete ku Muhimbili, ndi ca CCBRT ku Msasani cimene cimathandiza za maso ndi za kulumala. Mwana amene timati ngwaulesi kapena wosamvera, mwina khutu lace latsekeka cabe. Mpimitseni makutu, maso ndi mtima musanamweruze.

Masana abwerera kunyumba, ndipo m'thumba mwace muli kabuku kamene mphunzitsi walembamo mau ocepa: lero tawerenga kufikira zisanu. Madzulo amai amuitana kuti aike mandazi asanu m'mbale, asankhe mpunga, apinde nsaru. Atate pobwera ku nchito amuonetsa ndalama zacitsulo nafunsa iti iri yaikuru. Cimene cayambidwa ku sukulu cikapanda kubwerezedwa pakhomo cimafota monga mbeu yosathiriridwa.

Nchito yophunzitsa ana ofuna cithandizo capadera si yacilendo m'maiko athu. Ku Magwero, kufupi ndi Chipata, amishoni anayamba kuphunzitsa akhungu m'caka ca 1905. Ku Tanzania sukulu ya akhungu ya Buigiri, kufupi ndi Dodoma, inatsegulidwa m'caka ca 1950, caka comwe Jairos Jiri anayamba nchito yace yothandiza olumala ku Bulawayo. Akhungu ndi ogontha ndiwo anayamba kukumbukiridwa. Ana ocedwa nzeru anadza pambuyo. Lero aphunzitsi ao amaphunzira ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, ku ZAMISE mu Lusaka, ndi ku United College of Education ku Bulawayo. Maiko atatu athu, pamodzi ndi Tanzania, anabvomera pangano la United Nations la 2006, lonena kuti mwana asakanizidwe sukulu cifukwa ca kulumala.

Tsono inu makolo, ngati muli ndi mwana wotere, musadikire kuti ayambe walankhula bwino. M'mera mpoyamba. Pitani naye ku cipatala akampime, ndipo mupite kwa mphunzitsi wamkuru wa sukulu ya pafupi mukafunse kumene kuli cipinda ca ana otere. Akakubwezani, kafunseni kwa oyang'anira maphunziro ku boma. Inu mafumu ndi akuru a mipingo, mumadziwa nyumba iri yonse imene muli mwana wobisika. Lankhulani ndi makolo ace mwaulemu, ndipo muletse maina onyoza m'mudzi mwanu. Inu ana a sukulu, ngati njira yanu ipyola pakhomo pa mwana wotere, mtengeni.

Pali funso limene makolo a ana otere amadzifunsa usiku, anthu onse atagona: "Ife tikafa, adzamsunga ndani?" Funsoli nloona, pakuti kumene cithandizo ca cipatala ciri cokwanira anthu a Down syndrome tsopano amafika zaka 60. Mwana wathu wa ku Mbezi kapena sadzalemba mayeso a Boma. Koma akadzakula alikudziwa kubvala, kusamba, kuwerenga ndalama, kunena dzina lace ndi kumene akhala, kukana woipa, ndi kugwira nchito ya manja pamodzi ndi anzace, abale ace sadzamuona ngati katundu. Zonsezi sizidza tsiku limodzi. Zimayamba ndi batani lija lotsiriza, limene amai amsiyira m'mamawa ngakhale mafuta a mandazi alikuwira pa moto.