Ron Carter ndi Ntchito ya Woimba Woima Kumbuyo

Wapampando, aphunzitsi, makolo, ndi inu ana athu amene mwatsiriza maphunziro a zoimbaimba lero, zikomo pondiitana.

Ndikambe za Ron Carter, yemwe anabadwa mu 1937 ku Ferndale, Michigan, m'dziko la America. Ali ndi zaka 10 anayamba kuphunzira chelo, chida cha nsambo zinayi chimene woimba amachipanira m'mawondo n'kumachikwecha ndi uta. Mtima wake unali pa magulu a okestra, koma masiku amenewo munthu wakuda ankalowamo movutikira kwambiri. Choncho anatenga besi yaikulu, yoimba choimirira, natsiriza maphunziro ku Eastman School of Music mu 1959, n'kulowa m'nyimbo za jazi. Kuyambira 1963 mpaka 1968 ndiye ankagwira besi m'gulu la Miles Davis, ndipo mu 2015 a Guinness anawerenga kuti anajambulitsa nawo maulendo 2,221, kuposa wa besi aliyense wa jazi. Chimene ankamuitanira chonchi n'chimene chelo inamuphunzitsa ali mwana: kuwerenga manotsi ndi kutchera khutu. Zida ziwirizi zilibe tizitsulo tolozera chala ngati gitala. Chala chikaphonya pang'ono pokha, gulu lonse limamveka losokonekera. Ndipo cheloyo sanaitaye, anaiimba m'chimbale cha Eric Dolphy mu 1960.

Makolo ena anena kuti woima kumbuyo sadziwika, ndalama amadya ndi wogwira maikolofoni. Za kutchuka akunena zoona. Koma woimba wotchuka aliyense amasowa munthu womugwirira nyimbo, ndipo akapeza wodalirika amauzana. N'chifukwa chake Carter anamveka m'chimbale cha Roberta Flack mu 1969, n'kudzamvekanso m'cha anyamata a rap a A Tribe Called Quest mu 1991, mibadwo iwiri yosiyana, uku akuphunzitsanso ku koleji ku New York kwa zaka zambiri.

Ena akuti chelo ndi besi n'zachilendo ndiponso n'zodula. Ntchito yake si yachilendo konse: woimba babatoni, ndi nsambo yake imodzi, amanyamula gulu monga momwe besi imachitira. Za mtengo ndikuvomera, banja limodzi silingakwanitse. Choncho ndikupempha inu amalonda muli pano kuti mugwirizane, mugulire sukuluyi chelo imodzi ndi besi imodzi, pamodzi ndi nsambo zosinthira, chifukwa zimaduka.